Chimbale cha CD ndi nyimbo za pa intaneti: khutu limamva chiyani?

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Lero tilowerera mkangano wa m'banja. Abambo ali ndi zimbale za CD m'kabati, ndipo amati nyimbo za pafoni n'zopepuka, zilibe thupi. Mwana wawo amati CD ndi zamakedzana, iye nyimbo za dziko lonse ali nazo m'thumba. Za kuchuluka kwa nyimbo sititsutsana, mwanayo wapambana kale. Ife tikufuna za kamvekedwe: mawu abwino ali kuti?

Tiyambire pa khutu lenilenilo. Mawu alionse ndi kunjenjemera kwa mpweya. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake mumaimva m'chifuwa. Chisekese, zitsulo za pa ng'oma za bandi, ndi ka "sss" kotuluka m'mano mwa woimba, izi zimanjenjemera mofulumira kwambiri, ka 8,000, ka 12,000, mwinanso kuposa apo. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 kukafika pa 20,000. Tikamakula, mawu akumwambawo amayamba kutithawa, moti munthu wa zaka 50 kawirikawiri safika pa 15,000. Abambo a zimbale aja asandikwiyire, koma mawu ena amene CD imasunga bwino kwambiri ndi omwewo amene mwana wawo amamva, iwo ayi.

Wailesi ya FM nayonso imalekeza pa 15,000. Choncho musayembekeze kuti ndikuikirani nyimbo ziwiri pano kuti musankhe yabwino. Zonse zingakufikeni zitametedwa mofanana. Mayesowo mukachita nokha kunyumba, ndikuuzani kachitidwe kake.

CD inatuluka mu 1982, yopangidwa ndi makampani awiri, Sony ya ku Japan ndi Philips ya ku Netherlands. Pa chimbalecho palibe mawu, pali manambala okhaokha. Makina amayeza mawu ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso uliwonse uli ndi masitepe 65,536, kuchokera pa zii kukafika pa phokoso lalikulu. Amatero kawiri, kumanzere ndi kumanja. Bwanji 44,100? Lamulo lake ndi lakuti uyeze mofulumira kuposa kawiri mawu apamwamba kwambiri amene ukufuna kusunga. Khutu limalekeza pa 20,000, ndiye anasankha nambala yopitirira 40,000. Mukaphatikiza zonsezi, CD imatulutsa makilobiti 1,411 pa sekondi. Nambala imeneyi muisunge, 1,411. Mphindi imodzi ya nyimbo imadya pafupifupi mamegabaiti 10, ndipo chimbale chimodzi chimanyamula mphindi 74 mpaka 80.

Kuno kwathu CD inafika mochedwa. Zaka za m'ma 1990 zinali za makaseti. Oimba ankajambula ku Balaka kwa a Paul Banda ku situdiyo ya IY, ena ku Studio K muno mu Blantyre, kenako ulendo wa ku Limbe kwa O.G. Issa, komwe matepi ankachokera kupita m'misika ya dziko lonse. Amene munakula nthawi imeneyo mukukumbukira kasokosera ka "fwiii" komwe sikankachoka pansi pa nyimbo, wailesi kudya tepi, inu n'kumaibweza ndi bolopeni. Tepi inkafooka nthawi iliyonse mukaiimba, ndipo yokopera pa inzake inkamveka moipirapo. Ndiye munthu wozolowera zimenezo atamva CD koyamba, popanda kasokosera, nyimbo ikungotulukira pa zii, anayenera kudabwa ndithu. Ulemu waukulu umene akuluakulu amaipatsa CD unachokera pamenepo. Ankaiyerekeza ndi kaseti, osati ndi foni.

(Kanyimbo kakafupi.)

Tsono nyimbo ya mphindi 5 yolemera mamegabaiti 50 inali katundu wosanyamulika pa intaneti ya kale. Akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany, pamodzi ndi anzawo, anapeza njira yoichepetsera, imene inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndiyo MP3. Nzeru yake n'njochenjera. Ng'oma ikagunda mwamphamvu, kamawu kofooka kamene kali pafupi nayo pa nthawi yomweyo khutu silikamva. Ndiye kusungiranji? Makina amakataya. Amatayanso ena mwa mawu akumwamba kwambiri. MP3 ya makilobiti 128 imachepa ka 11 poyerekeza ndi CD, koma nyimbo mumaizindikirabe bwinobwino.

Zili ngati chimanga chopita kuchigayo. CD ndi mgaiwa, zonse zilimo. MP3 ndi ufa woyera: gaga wachoka, nsima yake ikudyeka ndithu, ambiri amaikondanso. Koma gaga akachoka wachoka. Ngakhale muuthire ufawo m'thumba lolembedwa kuti mgaiwa, sumasanduka mgaiwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kwathu kuno, ndipo ndichedwapo pang'ono. Zimbale zambiri zimene tinkagula mumsika wa Limbe, mumsika wa Blantyre kapena kwa anyamata oyenda nazo m'manja ku Wenela sizinali zochokera kwa mwini nyimbo. Munthu ankatenga ma MP3 pakompyuta, mwinanso ochepetsedwa kale kawiri, n'kuwawotchera pa chimbale chopanda kanthu. Chimbalecho chinkawala ngati CD ina iliyonse, makina ankachiwerenga pa 1,411, koma mkati munali ufa woyera womwe uja. Zina zinkakhala ndi nyimbo 100 kapena kuposa pa chimbale chimodzi. Mukaona choncho dziwani kuti ndi ma MP3 basi, chifukwa CD yeniyeni sipitirira mphindi 80. Kachizindikiro konyezimira ka COSOMA, bungwe loteteza zaluso lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, kanaikidwa pofuna kuteteza ndalama za woimba, koma kankathandizanso khutu la wogula: chimbale chovomerezeka chinkachokera pafupi ndi gwero.

Choncho abambo akati CD zawo zimamveka bwino, funso loyamba ndi lakuti, munagula kuti? Ngati ndi Kuimba 1 ya malemu Evison Matafale yokopera pamsika, n'kutheka kuti mwana wanu akumva bwino pafoni kuposa inu.

Zimbale zitayamba kutha mphamvu kunabwera ma burning centre, m'Ndirande, ku Mbayani, ku Kachere, pena paliponse. Mumapereka memori khadi kapena flashi, mnyamata n'kukudzazirani. Palibe amafunsa kuti nyimbozi n'zamakilobiti angati. Timafunsa kuti zalowa zingati. Ndipo kuti zilowe zambiri, ziyenera kufinyidwa kwambiri. Zina zimachita kuzulidwa mu vidiyo ya pa YouTube kapena pa TikTok, kumene zinafinyidwa kale, n'kufinyidwanso kuti zikhale MP3. Kufinya kulikonse kumataya kena. Mverani chisekese mu nyimbo yotero: m'malo mwa "tseketseke" wouma bwino, mumamva mawu onyowa, osokonekera. Mverani kuwomba m'manja kwa kwaya. Mverani kamawu kotsalira m'mwamba kwaya ikamaliza mzere m'tchalitchi chachikulu ngati St Michael and All Angels kapena Limbe Cathedral. Pa fayilo yabwino kamazilala pang'onopang'ono. Pa yofinyidwa kwambiri kamaduka msanga, nyumba ya mapemphero ija n'kumveka yopapatiza.

(Kanyimbo kakafupi.)

Tibwere ku nyimbo zomvera pa intaneti osazisunga, za pa Spotify, Boomplay, Audiomack, Apple Music, YouTube. Spotify inayamba ku Sweden mu 2008, ndipo inatsegulidwa kuno ku Malawi mu 2021. Anthu ambiri sadziwa kuti kamvekedwe kake si kamodzi. Pa Spotify pali masitepe: lotsikitsitsa ndi makilobiti pafupifupi 24, lapakati 96, lapamwamba 160, ndipo olipira ali ndi la 320. Kumbukirani CD ili pa 1,411. Pamapepala CD yapambana kutalitali. Koma njira zofinyira za masiku ano n'zanzeru kuposa MP3 yakale, ndipo pa 256 kapena 320 anthu ambiri, akabisiridwa kuti ikuimba ndi iti, amalephera kusiyanitsa ndi CD. Ngakhale ogwira ntchito m'situdiyo amaphonya. Achimwene a pamakina kuseri kwa galasiku akupukusa mutu, koma nawonso akayese, asangopukusa.

Palinso makampani amene amapereka nyimbo zosataya kanthu, zofanana ndendende ndi CD. Apple Music inayamba kutero mu 2021. Ndiye pamwamba penipeni mkangano palibe, zonse ndi chimodzimodzi. Vuto ndi bandulo.

Tiwerengere limodzi, inu a TNM ndi inu a Airtel. Muli ndi bandulo ya 1GB. Pa makilobiti 96 mumvera nyimbo pafupifupi maola 23. Pa 160, maola 14. Pa 320, maola 7. Pa zosataya kanthu zija, pafupifupi maola 3, yatha. Ndani angasankhe maola 3? N'chifukwa chake ambirife timayatsa kopulumutsira data, foni n'kutsikira pansi penipeni. Ndipo ngakhale musayatse, pulogalamu ikakhala kuti ikudzisankhira yokha, netiweki ikafooka imatsitsa kamvekedwe osakuuzani. Nyimbo imene imamveka bwino muli pa Victoria Avenue ikhoza kusintha mukalowa kuseri kwa phiri la Soche kapena la Ndirande, inu n'kumada mahedifoni anu. CD ilibe khalidwe limenelo. Imaimba mofanana lero ndi mawa, netiweki ilipo kapena palibe.

Ngati pulogalamu yanu imalola kusunga nyimbo mufoni, ikani pa sitepe yapamwamba, musunge nthawi imene muli pa Wi-Fi kapena pa bandulo yausiku. Mwalipira kamodzi, mukumvera mwezi wonse.

Chigamulo changa pa mbali imeneyi n'chakuti CD yeniyeni imaposa intaneti ya pa 24 ndi pa 96, ndipo aliyense wa makutu awiri angamve. Pa 160 kusiyana kumayamba kubisala. Pa 320 ndi mkangano wa pamapepala. Koma zonsezi zimagwira ntchito ngati chomvetsera chanu chili chabwino, ndipo apa ndi pamene ambirife timagwera.

Sipika ya foni n'njaing'ono kuposa chikhadabo. Singathe kukankha mpweya wokwanira kutulutsa ka 41 kaja. Ndiye mukamamvera Black Missionaries pa sipika ya foni, besi imene yanyamula reggae ya ku Chileka simukuimva, mukungoiganizira. Muikemo fayilo yabwino chotani, palibe chisinthe. Ena munagula kasipika ka Bluetooth. Kali bwino, besi yabwera, koma dziwani kuti Bluetooth nayo imafinya mawu isanawatumize, moti nyimbo zosataya kanthu zija zimafika zitataya. Wolipira bandulo yaikulu kuti amvere kamvekedwe ka CD pa Bluetooth wangowononga ndalama. Mahedifoni a waya, ngakhale a mtengo wapakati, amachita bwino pamenepa.

Nanga m'galimoto? Magalimoto ambiri ochokera ku Japan, ma Sienta ndi anzawo, amabwera ndi choimbira CD chabwino ndithu, pamene wailesi yake imalekeza pa 90, chifukwa ku Japan FM inkayambira pa 76 kufika pa 90. Ndiye madalaivala amagula kachipangizo kobaya poyatsira fodya, n'kuikapo flashi. Kachipangizoka ndi kasiteshoni kakang'ono ka FM: kamaulutsa nyimbo kuchoka pamenepo kupita ku wailesi ya galimoto yomweyo. MP3 yofinyidwa kale ija ikudutsanso pa FM yofooka, kenako ikulimbana ndi injini, mahutala, ndi oitanira a pa Limbe. Choimbira CD chili pompo, chikungodya fumbi. M'galimoto imeneyo chimbale chenicheni chingapambane mosavuta, bola mseu ukhale wosalala, pakuti pa mabampu zoimbira zakale zimadumpha.

Ndipo pali mdani wina amene saona kuti nyimbo yachokera kuti: kukweza mopyola muyeso. Pa zinkhoswe, pa maukwati nthawi ya perekaniperekani, m'mabala a pa Kamba, timagetsi ta pa makina timangokhala pofiira. Makina akafika pamapeto a mphamvu zake amadula nsonga za mawu, ndipo mumamva kukhadzula, masipika akulira mokakamizidwa. A DJ, mukatsitsa pang'ono anthu amamva zambiri, osati zochepa. Ndipo mukachoka pa phwando makutu akulira okha, dziwani kuti avulala, ndipo mawu akumwamba amene atayika mwanjira imeneyi sabwerera.

(Nyimbo. Masekondi 30.)

Muli nafe pa pulogalamu yathu, tikukamba za kamvekedwe ka nyimbo. Tsopano tibwerere mmbuyo, kumene nyimbo imabadwira.

CD kapena intaneti, zonsezi n'zonyamulira chabe. Sizingawonjezere chimene sichinajambulidwe. Nyimbo za a Daniel Kachamba a ku Chileka, amene a Gerhard Kubik a ku Austria anayamba kuwajambula mu 1967, kapena banjo ya a Allan Namoko ndi Chimvu Jazz Band, zinajambulidwa pa matepi ndi zipangizo za nthawi yawo. Muziike pa CD, kasokosera ka tepi kabwera nazo. Koma ndani anasiya kuzikonda pa chifukwa chimenecho? Manja a oimbawo anali abwino, ndipo khutu limakhululuka zambiri likamva luso. Onaninso a Giddes Chalamanda. Atajambula ndi Patience Namadingo mu 2020, Linny Hoo inafalikira pa TikTok n'kufika kwa anthu miyandamiyanda m'maiko amene chimbale chawo sichikanafikako. Ambiri mwa anthuwo anaimvera pa sipika ya foni, yofinyidwa kotheratu, ndipo anavina. Mphamvu ya intaneti ili pamenepo, pa kufika kutali. Ine sindiinyoza.

Koma ili ndi mbali ina. Nyimbo za pa intaneti mumabwereka, si zanu. Mwini akazichotsa, kapena mukasiya kulipira, zapita. Ndipo zimbale zambiri za oimba athu a m'ma 1990 ndi m'ma 2000 mukazifufuza kumeneko simuzipeza, kapena mumapeza zimene wina anakopera pa kaseti yotopa n'kuika pa YouTube. Choncho amene muli ndi zimbale zenizeni za malemu Lucius Banda, za a Wambali Mkandawire, za mayi Grace Chinga, za makwaya a m'mipingo yathu, musazipereke kwa ana kuti aziseweretsa. N'kutheka kuti chimene muli nachocho ndicho kope labwino kwambiri lotsala m'dera lanu lonse.

Kasungidwe kake n'kosavuta. Gwirani m'mphepete. Popukuta, yambirani pakati kupita kunja, osazungulira, chifukwa kukanda kotsata mzere wa nyimbo ndiko kumasokoneza makina. Mbali yolembedwa ija muisamale kuposa yowala, pakuti manambala ali pafupi kwambiri ndi mbali imeneyo, ndipo ikakandika palibe chokonza. Zimbale zowotchera pakompyuta zimaopa dzuwa. Mukaisiya kutsogolo kwa galimoto mwezi wa Okutobala, musadabwe ikayamba kudumphadumpha. Koposa zonse, pezani kompyuta yokhala ndi polowetsa CD, zikusowa masiku ano, mukopere nyimbozo monga WAV kapena FLAC, osati MP3. Mukatero mwasunga zonse.

Mayeso aja ndi awa. Tengani nyimbo imodzi imene muli nayo pa CD yeniyeni komanso pa intaneti. Gwiritsani ntchito masipika amodzimodzi kapena mahedifoni amodzimodzi, m'chipinda chopanda phokoso. Linganizani kukwera kwa mawu mosamala, chifukwa khutu limanyengeka: yokwera pang'ono imamveka ngati yabwino nthawi zonse. Ndiye mutembenuke, mwana wanu azisintha osakuuzani, kangapo, inu muzinena. Yambani ndi sitepe yotsikitsitsa, mupambana. Kwerani mpaka pa 320, muone ngati mupambanabe.

Mawu otsiriza apite kwa inu oimba ndi ojambula, a m'masitudiyo a ku Chilobwe, ku Chirimba, ku Namiyango ndi kwina. Nyimbo ikatha, oimba ambiri amangolandira MP3 pa WhatsApp, n'kuthokoza, n'kumapita. Achimwene, achemwali, imeneyo si nyimbo yanu yonse. Pemphani WAV, ndipo muisunge malo awiri osiyana, chifukwa kompyuta ya m'situdiyo ikhoza kufa kapena kubedwa. Potumiza nyimbo ku Spotify, ku Boomplay kapena kuno ku wailesi, tumizani WAV imeneyo. Iwo akafinya okha kamodzi. Mukawapatsa MP3, akufinya chofinyidwa kale. Ndipo musadzinamize posandutsa MP3 kukhala WAV pakompyuta. Fayilo ikula, koma zotayika sizibwerera.

Inu ojambula, lekani mpikisano wofuna kuti nyimbo yanu ikhale yaphokoso kuposa ya mnzanu. Kale pa CD zinkaoneka ngati zikuthandiza, chifukwa chimbale chokwera chinkagonjetsa chinzake. Koma Spotify ndi YouTube amalinganiza okha kukwera kwa nyimbo. Yanu yopanikizidwa ija aitsitsa kuti ifanane ndi zina, ndipo chotsala ndi ng'oma yopanda mphamvu ndi mawu osapuma. Siyirani nyimbo malo okwera ndi otsika.

Nthawi yatithera. Amene muchite mayeso aja, tiuzeni kuti munalekezera pa sitepe iti, ndipo munene zaka zanu, tidzawerenga mayankho anu sabata yamawa. Pamakina panali achimwene aja opukusa mutu.

(Nyimbo yotsekera.)